Kasinja wopuntha nthaka

Ndinawerenga katatu. Koyamba ndinapeza 41, kachiwiri 42, kachitatu ndinabwereranso pa 41. Nthawi n'kuti itadutsa 1 koloko usiku, ine nditagwada pansi pa tebulo la kukhitchini, tochi ya foni ili kudzanja limodzi, dzanja linalo likupapasa pansi pozizira. Timatcheni tiwiri, kalikonse kotalika ngati kamtengo ka machesi, tinali titandithawa.

Chitseko cha kuchipinda chinatseguka.

"Bambo, kodi mwataya ndalama?"

"Ayi mayi, matcheni."

"Aja munadula ku mkanda wanga aja?"

Yankho ankalidziwa kale. Anangopukusa mutu n'kubwerera kukagona. M'mawa ndinapeza timatcheni tonse tiwiri tili m'kambale pafupi ndi ketulo. Anatitola posesa.

Panafunika 43 ndendende, ndipo chiwerengerocho si changa. Kasinja amene ndinkapanga kachifanizo kake anali ndi matcheni 43 kutsogolo, omangirira ku chimgolo chachitsulo chozungulira chimene chinkagwiridwa ndi mikono iwiri. Anali wa pa Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse. Angerezi ankamutchula kuti Sherman Crab, kutanthauza nkhanu, ndipo ukamuona atakweza mikonoyo m'mwamba sufunsanso kuti dzinalo linachokera kuti. Ntchito yake inali kupuntha nthaka. Amayi anga akamapuntha nyemba pabwalo ankamenya ndi ndodo mpaka khoko lililonse litasweka. Kasinja uyu ankamenya nthaka ndi matcheni kuti mabomba okwiriridwa aphulikire kutsogolo kwake, munthu asanapondepo.

Ndinakulira ku Ntcheu, chakufupi ndi Lizulu, kumene msewu wa M1 ndiwo malire. Ukangowoloka tala uli ku Mozambique. Ife galimoto sitinkagula. Waya tinkasolola paliponse pamene mwini wake sanaone, mateyala tinkapinda ndi manja n'kukulunga mphira wa chubu cha njinga, chiwongolero chinali chachitali chofika m'chiuno. Mwana wodziwa kupanga lole yokhala ndi ngolo yomasuka ankalemekezeka kuposa wokhoza masamu. Ine masamu sindinkakhoza kwenikweni, ndiye mukhoza kudziwa kumene ndinkapezera ulemu.

Nditabwera kuno ku England ndili bambo kale, ndinayamba ntchito ya usiku yosamalira okalamba. Amene anagwirapo ntchito imeneyi akudziwa kuti vuto lake lalikulu limabwera masiku opuma: thupi linazolowera kukhala maso anthu onse ali mtulo. Tsiku lina m'sitolo ya zinthu zakale ndinaona kabokosi ka Airfix kokhala ndi chithunzi cha kasinja wa matcheni, pa muyezo wa 1:76, ndiye kuti chilichonse chachepetsedwa ka 76. Ndinakagula chifukwa kanali kotsika mtengo. Ndinakalumikiza usiku umodzi, guluu atadontha paliponse, mzinga utapendekera kumanzere. Kanali konyansa, koma manja anga anakumbuka chinthu chimene anasiya zaka makumi atatu zapitazo. Nditawauza amayi pafoni anaseka mpaka kutsokomola. "Iwe, mpaka ku Ulaya ukadali kusewera ndi magalimoto?"

Kenaka ndinapeza gulu la anthu opanga tizifanizo, amene amakumana kamodzi pamwezi m'holo ya tchalitchi. Ambiri ndi madoda a imvi, odekha, okonda tiyi. Pafupifupi aliyense wa iwo anapangapo Tiger, kasinja wolemera wa Ajeremani uja. Ena ali naye mashelefu athunthu. Ajeremani anapanga a Tiger oyambawo osafika 1,400, koma ndikukhulupirira kuti a pulasitiki amene ali m'nyumba za tawuni yathu yokha angathe kudzaza bwalo la mpira. Sindikuwanyoza anzangawo, Tiger ndi wooneka bwino, wamakona, woopsa. Koma ine sandiuza kanthu. Amangoti ndine wamkulu, ndili ndi mzinga waukulu. Amene amandikopa ndi akasinja achilendo, opangidwa ochepa, omatidwa zinthu zooneka ngati zosayenera kukhalapo: wina wasenza mlatho, wina wanyamula mtolo wa mitengo, wina wavala siketi ya tenti kuti ayandame panyanja. Chilichonse chomatidwa pamenepo chinabwera chifukwa anthu ena anafa penapake, ndipo wina anakhala pansi n'kunena kuti zisadzachitikenso chonchi.

Ndipo pa onsewo, wa matcheni yekha ndi amene ntchito yake ndinaidziwa ndili mwana.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, nkhondo itavuta ku Mozambique, anthu othawa anadzaza kwathu. M'dziko lonse anafika pafupifupi miliyoni imodzi. Kusukulu tinkapanikizana nawo pansi pa mtengo, ambiri ochokera ku Angonia, olankhula chinenero chathu chomwechi, ena abale athu enieni. Pamsika panali bambo wina wosoka nsapato, wa mwendo umodzi. Ana tinkamuyang'ana mozemba. Sanali msilikali, anaponda bomba akupita kumunda. Amayi anga anali ndi lamulo limodzi losakambirana: "Ukawoloka msewu, uziponda pamene paponda ena." Njira yongoyamba wekha, yodutsa m'tchire kuti ufike msanga, inali yoletsedwa. Mawu amenewo anandikhala. Nditawerenga koyamba za Crab ndinati, uyu ndiye woponda poyamba uja.

Nzeru ya matcheniyi inachokera kufupi ndi kwathu kuposa mmene ambiri amaganizira. Anaiyambitsa ndi msilikali wa ku South Africa, Kaputeni Abraham du Toit. Anayesa makina ake kwawoko, zinaoneka kuti zikhoza kutheka, ndipo akuluakulu anamutumiza ku England kuti akapitirize. Kumeneko kunabadwa kasinja wotchedwa Baron, womangidwa pa thupi la kasinja wa Angerezi wotchedwa Matilda, amene anangothera kophunzitsira asilikali osaona nkhondo. Koma du Toit asananyamuke anali atafotokozera nzeruyo mnzake wina, Kaputeni Norman Berry, ndipo ku chipululu cha Egypt amakaniko anayamba kupanga wawo ndi zimene anali nazo m'magalaji ankhondo. Anamutcha Scorpion, chinkhanira.

Scorpion ameneyu ndimamukonda chifukwa ndi galimoto yawaya yeniyeni, kungoti ya akuluakulu. Anatenga Matilda, n'kumatirira bokosi lachitsulo m'mbali mwake kudzanja lamanja, m'bokosimo n'kuikamo injini ya galimoto ya Ford V8 yoti izizunguza mgolo. M'bokosi lomwelo munkakhalanso munthu woyang'anira injiniyo. Taganizani: kunja kwa thupi la kasinja, pafupi ndi injini yotentha, m'chipululu, mabomba akuphulika mamita ochepa kutsogolo. Pa nkhondo ya El Alamein ku Egypt mu Okutobala 1942, kumene asilikali a Rommel, jenerali wa Ajeremani, anakwirira mabomba pafupifupi 500,000, akasinja oterewa analipo 25. Sanachite zodabwitsa. Mainjini ankatentha, fumbi linkatseka mosefera mpweya, anthu a m'kati ankavala zophimba kumaso za utsi wapoizoni kuti apume. Mabomba ambiri pa nkhondo imeneyo anachotsedwa ndi anthu, pamanja, ndi zida zofufuzira. Koma zinaoneka kuti njirayo ndi yoona, changotsala n'kuikonza.

Miyezi iwiri izi zisanachitike, pa 19 Ogasiti 1942, kunachitika tsoka la ku Dieppe, pagombe la France. Asilikali a ku Canada anayesa kulowa kuchokera kunyanja. Akasinja 29 a mtundu wa Churchill anatsitsidwa m'zombo, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene anabwerera ku England. Ena anamira, ena miyala ya pagombe inalowa m'malamba awo oyendera n'kuwadula, ena anakafika pa makoma a simenti otseka misewu n'kuima pomwepo, popeza amisiri amene akanaphwasula makomawo anali akuphedwa pamtetete. Anthu a ku Canada oposa 900 anafa tsiku limodzi. Chimene akuluakulu anatolapo n'chakuti gombe silidutsika ndi mzinga wokha. Pamafunika chochotsa mabomba, chogumula khoma, chokwirira dzenje, ndipo amisiriwo azikhala m'kati mwa chitsulo.

Ntchito imeneyi anaipereka kwa Percy Hobart, munthu wanzeru koma wovuta kukhala naye. Iyeyu ndi amene anaphunzitsa gulu la akasinja la ku Egypt limene linadzatchuka kuti Desert Rats, koma anakangana ndi mabwana ake mpaka anamuchotsa. Atabwerera kwawo analowa gulu la anthu wamba oteteza mudzi, mkulu wa asilikali wathunthu n'kukhala kopolo wamng'ono ku Chipping Campden. Winston Churchill, nduna yaikulu ya Britain, atamva anakwiya n'kulamula kuti abwezeretsedwe. Mu Malichi 1943 gulu lake, 79th Armoured Division, linapatsidwa udindo wa akasinja apaderawa. Zinamuthandizanso kuti Montgomery, jenerali wamkulu wa Angerezi, anali mlamu wake, pakuti anakwatira mchemwali wa Hobart. Chibale n'fupa, ngakhale ku Ulaya. Asilikali ena ankaseka makina ake n'kumati ndi zoseketsa za Hobart, Hobart's Funnies, ndipo dzinalo linakhala mpaka lero. Chizindikiro cha gululo chinali mutu wakuda wa ng'ombe yamphongo m'kati mwa makona atatu achikasu. Pa kachifanizo kanga chizindikirocho n'chochepa kuposa njere ya mphodza, ndipo ndinawononga ziwiri ndisanamate chachitatu bwino.

Nditaganiza zopanga Crab wachiwiri, wabwino tsopano, ndinasankha muyezo wa 1:35, ndiye kuti chilichonse chachepetsedwa ka 35. Muyezo umenewu anautchukitsa ndi a Tamiya a ku Japan, ndipo unayamba mwangozi: kakasinja kawo koyamba ka Panther anakapanga kukula kokwanira kulowamo mabatire, atayeza anapeza kuti ndi 1:35, basi dziko lonse linatsatira. Pa muyezo umenewu Sherman amakwana pachikhatho ndi zala, masentimita 17 kapena kupitirirako pang'ono.

Cholakwa changa choyamba ndinachichita ndisanatsegule n'komwe guluu. Ndinagula bokosi lolembedwa kuti Sherman, ndili wokondwa, n'kupita nalo kugulu. Mdala wina amene anagwira ntchito ya njanji moyo wake wonse analitembenuza kawiri, n'kundibwezera mwaulemu.

"Mwana wanga, uyu ndi Sherman ndithu, koma si wako."

Akasinja a Sherman anapangidwa oposa 49,000, koma sanali amodzimodzi. Crab ankamangidwa makamaka pa mtundu umene Amereka ankautcha M4A4, Angerezi n'kumati Sherman V, ndipo umenewu thupi lake n'lotalikirapo. Chifukwa chake ndi injini. Mainjini a akasinja atasowa, kampani ya Chrysler inatenga mainjini asanu a galimoto, iliyonse ya masilinda 6, n'kuwalumikiza mozungulira kuti akhale injini imodzi ya masilinda 30, yotchedwa A57 Multibank. Chinthu chimenecho sichikanakwana m'thupi la Sherman wamba, choncho anatalikitsa thupi, mipata ya pakati pa mawilo n'kukula. Amereka sanafune kupita nawo kunkhondo akasinja amenewa. Pa 7,499 amene anapangidwa, ambiri anapatsidwa kwa Angerezi. Munthu wodziwa amaona kusiyanako ali pakhomo la holo. Bokosi lija ndinasinthana ndi mnzanga wina, iye n'kundipatsa loyenera, ine n'kuwonjezera paketi ya mabisiketi.

Nditamva za mainjini asanu aja ndinakumbuka lole yanga yawaya imene ndinaiika mateyala khumi chifukwa ndinalibe waya wolimba wopangira anayi aakulu. Anzanga ankati ndi bongololo.

Thupi la kasinja silinandivute. Zidutswa zimabwera zitamera pa timitengo ta pulasitiki, umadula, kupala ndi katupa, kuyesa zisanamatidwe, kenako kudontheza guluu wamadzimadzi amene amasungunula pulasitiki pang'ono kuti zidutswa zigwirane. Malamba oyendera ndiwo amadya nthawi, chifukwa kachidutswa kalikonse kamabwera pakokha. Koma mikono, mgolo ndi matcheni si za m'bokosi. Ndinaitanitsa zidutswa zapadera kuchokera ku kakampani kena kakang'ono, ndipo zitafika mkono umodzi unali wopindika ngati nthochi. Ndinauviika m'madzi otentha, kuuwongola, kuuthira madzi ozizira; m'mawa wabwerera mwakale. Kachitatu unathyoka. Matcheni ake anali odindidwa pa kapepala ka mkuwa, aphwatalala, ooneka ngati zokongoletsa keke ya ukwati. Ndinaziika m'kabati, mtima uli phee, milungu iwiri osakhudza.

Chimene chinandidzutsa ndi ulendo wa ku Bovington, ku Dorset, kumene kuli nyumba yosungira akasinja yaikulu kwambiri m'dziko lino. Umatsika sitima pa siteshoni ya Wool. Anthu ambiri amathamangira kwa Tiger 131, amene amayendabe mpaka lero, ndipo pamakhala gulu ngati pamaliro a mfumu. Ine ndinapita kwa Crab, ndipo kwa nthawi yaitali ndinali ndekha. Pazithunzi amaoneka ngati makina opangidwa mwaluso. Pafupi ndi wina. Zowotcherera zake n'zokhuthala, zosasalala, ngati za mmisiri wa mageti wa ku Ndirande amene wauzidwa kuti mwini wake akubwera madzulo. Matcheni ndi olemera, akuda, olendewera mosalingana. M'mphepete mwa mgolo muli mipeni yodulira waya waminga kuti usakulungike. Pakati pa mgolo ndi thupi pali chishango chotchinga mphamvu ya bomba, ndipo chifukwa cha chishangocho mfuti yaing'ono ya kutsogolo anaichotsa, poti sikanaona kolasa. Ndinajambula zithunzi zambirimbiri, zina nditagona chammbali pansi, mpaka woyang'anira anabwera kudzafunsa ngati ndili bwino.

Ndili m'sitima pobwerera ndinadzifunsa kuti ndikudandauliranji zidutswa zogula, ine mwana wa ku Lizulu. Mikono ndinaipanga ndekha ndi timapepala ta pulasitiki ndi waya wa mkuwa. Mgolo ndinadula ku thupi la bolopeni yakutha. Za matcheni ndinazungulira masitolo osapeza a msinkhu woyenera, mpaka ndinaona mkanda wa mayi a kunyumba woduka kokolowekera, umene unakhala m'kabokosi zaka zitatu ukudikira kukonzedwa. Ndinapempha. Iwo amanena kuti ndinapempha nditadula kale; nkhani imeneyo sitinagwirizanebe. Ndinauwotcha pa chitofu kuti kunyezimira kuchoke, ndinaudula timagawo 43, ndipo ndinaboola timabowo 43 pa bolopeni ija ndi kachoboolera kopota ndi zala.

Pomanga katcheni kamodzikamodzi m'pamene ndinamvetsa bwino kusiyana kwa Crab ndi makolo ake. Iye analibe injini yapadera ya mgolo kapena munthu wokhala m'bokosi kunja. Mphamvu inkachokera ku injini yake yomwe, kudzera pa tcheni ndi shafuti ya m'mbali, ndipo mgolo unkazungulira maulendo 142 pa mphindi. Chachiwiri, mzinga wake wa mamilimita 75 anamusiyira, kotero akamaliza kupuntha ankatha kumenya nkhondo ngati kasinja wina aliyense. Popuntha ankayenda makilomita 2 pa ola. Agogo opita kuchigayo atasenza dengu la chimanga angamupitirire. Njira imene ankatsegula inali pafupifupi mamita 3 mulifupi, ndiye ankayenda asanu: atatu akupuntha motsatana chopingasa kuti njira ikule, awiri ali m'mbali kuteteza ndi kudikira kulowa m'malo mwa wovulala. Bomba la Ajeremani lophulitsa akasinja linkatchedwa Teller, mawu otanthauza mbale m'chinenero chawo, chifukwa cha maonekedwe ake, ndipo linkakhala ndi onga wopitirira makilogalamu 5. Likaphulika linkatha kudula matcheni, choncho ankanyamula ena apadera, n'kumasintha.

Ndiye taganizirani woyendetsa. Akukwawa pa liwiro la nkhalamba, pamtetete, adani akumuona bwinobwino. Iye sakuona kanthu, chifukwa matcheni akutukula fumbi kapena matope n'kumuponyera kumaso. Akumva phokoso la zitsulo, kenaka chiphaliwali, kasinja yense n'kugwedezeka, ndipo ayenera kupitiriza molunjika osakhota. Kumbuyo kwa kasinja kunali timagetsi pa timitengo kuti mnzake womutsatira adziwe pamene ali m'fumbimo. M'mbali munali mabokosi othira choko pansi kusonyeza malire a njira yotetezeka. Choko! Ngati mphunzitsi wa masewera akulemba mizere ya bwalo. Mabokosi amenewa ndinawapanga ndi chidwi kuposa mzinga, chifukwa kwa msilikali wakumbuyo mzere woyerawo ndiwo unali lamulo la amayi anga lija.

Panabuka funso limene aliyense wopanga Crab amakumana nalo: matcheni alendewere, kapena aoneke akuzungulira? Kulendewera n'kosavuta, ndipo n'zoona pa kasinja woima. Koma Crab woima ndi nkhanu yakufa. Ndinasankha kuti azungulire. Katcheni kalikonse ndinakakoka n'kukawongola, kukadontheza supaguluu kuti kaume kali njo, ena oloza kumwamba, ena kutsogolo, a pansi opindika pamene akumenya nthaka. Zala zinamatana kangapo. Usiku wa tochi uja unali wa ntchito imeneyi.

Za penti ndingonena mwachidule, chifukwa kugulu kwathu nkhani imeneyi inatsala pang'ono kuthetsa ubwenzi wa anthu awiri. Akasinja ochokera ku Amereka ankabwera ndi mtundu wawo wobiriwira motuwa. Angerezi mu 1944 anayamba kugwiritsa ntchito wawo wofanana nawo, wotchedwa SCC 15, ndipo zimene ankawonjezera pa kasinja ankapaka umenewo. Madoda amatha ola lathunthu akuyerekeza timabotolo pawindo. Ine ndinapaka thupi mtundu wina, mikono mtundu wina wosiyana pang'ono, kenaka zonse ndinazikwirira ndi dothi. Crab woyera ndi bodza. Ndinapera choko cha mitundu, kusakaniza ndi mchenga wosefa ndi guluu wamadzi, n'kumawaza ndi mswachi wakale kuchokera kutsogolo, mbali imene matcheni akanaponyera. Mwana wanga wamkazi atadutsa anati, "Adadi, mwapenta masabata awiri kuti muziwononge?" Ndinamuuza kuti ndi mmene zinalili. Sanakhutire.

Pa 6 Juni 1944 akasinja a Crab anatsika pa magombe a Angerezi ndi a ku Canada ku Normandy, ku France, otchedwa Gold, Juno ndi Sword, ali m'gulu loyambirira. Anali m'manja mwa magulu awiri: 22nd Dragoons ndi Westminster Dragoons. Ankagwira ntchito limodzi ndi Churchill AVRE, wa amisiri, woponya chibomba cholemera makilogalamu 18 chimene asilikali ankachitcha bini youluka. Ena anatitimira m'dothi lofewa, ena anawomberedwa asanapunthe mamita angapo, ena anatsegula njira, ndipo pena mzinga uja anausiya uja ndiwo unapulumutsa anthu pogumula malinga a mfuti. Pa magombe a Amereka panalibe Crab. Nkhani imakambidwa kawirikawiri kuti Jenerali Bradley wa ku Amereka anawakana chifukwa cha matama, koma zikalata zimasonyeza kuti anapempha ena, kungoti nthawi yopanga ndi yophunzitsa anthu inachepa. Ku Omaha, limodzi mwa magombe a Amereka, gulu lina linatsitsa m'nyanja akasinja oyandama 29 ali kutali ndi gombe, mafunde ali aakulu, ndipo 27 anamira. Amenewo ndi a siketi ya tenti aja. Bokosi lake lili pamwamba pa wadiropu, likudikira kuti ndipeze nsalu yopyapyala mokwanira. Mayi a kunyumba abisa mipango yawo yonse.

Makina a matcheni sanathe ndi nkhondo imeneyo. Mpaka lero alipo, ena oyendetsedwa ndi munthu ali patali. Koma ochotsa mabomba m'midzi sawakhulupirira okha. Pankhondo, njira ikatseguka n'kutsala bomba limodzi, akuluakulu amati zayenda bwino. M'munda wa chimanga bomba limodzi lotsala ndi mwendo wa munthu. Matcheni amaphonya ena, ena amangowataya pambali osaphulika. Choncho pambuyo pa makina pamabwerabe munthu wogwada, wofufuza pang'onopang'ono. Ku Mozambique nkhondo inatha ndi mgwirizano wa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, koma dzikolo linalengeza kuti lamaliza kuchotsa mabomba odziwika mu Seputembala 2015. Zaka 23. Ndipo m'gulu la amene anagwira ntchitoyo munali abwampini, omwe aja tinkakumba kudambo. Bungwe la APOPO limawaphunzitsa ku Morogoro, ku Tanzania, kununkhiza onga. Bwampini ndi wopepuka moti bomba siliphulika akaliponda. Akalimva amakanda pansi, n'kulandira nthochi. Nditawerenga zimenezi ndinaseka ndekha pakati pa usiku kuntchito. Chitsulo cha matani oposa 30, masilinda 30, matcheni 43, ndipo ntchito yomaliza n'kukagwira ndiwo ya kwathu.

Kachifanizo ndinakaika pa thabwa la masentimita 30, ndinaumba nthaka ya ku Normandy, udzu wautali mbali zonse, kumbuyo kwa kasinja njira yakuda yopunthidwa ndi mizere iwiri ya choko. Ndi putty wotsala, phala louma lokha loumbira tizifanizo, ndinaumba kanthu kena, masentimita awiri kuyambira kumphuno mpaka kunsonga ya mchira, theka la mchirawo loyera monga amakhalira. Ndinakaika m'udzu, kunja pang'ono kwa mzere wa choko, mphuno ili pansi.

Pa chionetsero cha gulu lathu m'chilimwe, woweruza anali mdala wa njanji uja. Anavala magalasi awiri, anawerenga matcheni ndi nsonga ya pensulo, milomo ikuyenda. Anafika pa 43 n'kugwedeza mutu. Anayang'ana mipata ya mawilo, anayang'ana mabokosi a choko. Kenaka pensulo inaima m'udzu.

"Mwana wanga, khoswe uyu wakula kwambiri. Pa muyezo umenewu akukwana ngati mphaka."

Ndinamuuza kuti muyezo ndi wolondola, ndinayeza.

"Ku Normandy kunalibe makoswe otere."

"Kunalibe, bambo."

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi kwa kanthawi, n'kulemba kanthu papepala lake. Ndinapeza malo achitatu, pambuyo pa a Tiger awiri. Madzulo ndinatumiza chithunzi kumudzi pa WhatsApp ya mlongo wanga kuti awaonetse amayi. Yankho linabwera m'mawa, la mawu. Za kasinja sanatchulepo kanthu. Anati bwampiniyo ndamuonda, wa kwathu sakhala choncho nthawi yokolola.